Lipoti la msonkhano wa malamulo oteteza ziweto ku Lilongwe

A tcheyamani ndi nonse a mu gulu lathu la alimi a ziweto kuno ku Khombedza, ndafika bwino dzulo madzulo. Malisiti a thiransipoti ndi a malo ogona ndawasiya kwa a msungichuma, aliyense akaone yekha, chifukwa ndamva kale kuti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi.

Tsiku loyamba m'mawa zinali za malonje basi. Masana ndi pomwe tinalowa mu lamulo loletsa kuchitira nkhanza ziweto lotchedwa Protection of Animals Act, lomwe ndi lakale kwambiri moti chindapusa chake pano sichingaopseze munthu. Otsogolera zokambirana analiyerekeza ndi lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, munthu wopha njovu ku Nkhotakota atha kukakhala kundende mpaka zaka 30, koma wotema ng'ombe ya mnzake ndi chikwanje nkhani imathera pa bwalo la mfumu, nthawi zina osalipira ndi nkhuku yomwe. Ambiri tinagwirizana kuti zilango zikwere ndipo ine ndinakweza nawo dzanja.

Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi za abulu. Abale anga, takhala tikulakwitsa. Dokotala wa ziweto anationetsa kuti bulu sakoka ndi khosi ngati ng'ombe, mphamvu zake zili pa chifuwa, ndiye ukamuika goli la ng'ombe lija likumupala tsiku ndi tsiku mpaka chilonda, ntchentche nkumatera pomwepo, ife nkumamukwapula kuti ndi waulesi pomwe akumva ululu. Anatipatsa kuti tigwire lamba wapachifuwa wotambalala bwino, mkati mwake aikamo nsalu yofewa, zinthu zoti telala wa pa msika atha kusoka. Ndajambula zithunzi, ndibwera nazo Loweruka ndipo ndiyamba ndi abulu anga awiri aja kuti muone nokha.

Za chiwewe anangokumbutsa kuti agalu azibayitsidwa katemera chaka chilichonse. Za ndondomeko ya ndalama sindinatolepo kanthu kenikeni.

Pomwe ndinatsutsa ndi pa nkhani yonyamula ziweto. Ena amafuna kuti womanga mbuzi pa njinga kapena kuzondotsa nkhuku azimangidwa pompo. Ndinaimirira nkunena kuti mayi wa kumudzi amene akupita ndi mbuzi imodzi ku msika kuti apeze fizi ya mwana alibe galimoto, muphunzitseni kaye kamangidwe kosapweteka, dengu la nkhuku, madzi panjira, kenako chilango chibwere kwa wokanika. Koma wothira tameki mu nsima kuti aphe agalu a mnzake, ameneyo wachita dala, lamulo limupweteke ndithu.

Apa ndiye ndinene za kwathu. Ng'ombe yanga inatemedwa mwendo chaka chatha italowa m'munda wa munthu, chimanga chake ndinalipira, koma za ng'ombeyo mpaka lero zii, ndipo a komiti munati tidzakambirana. Tizipempha bwanji boma kuti likhwimitse malamulo ife tikulephera nkhani ya m'mudzi mwathu momwe? Ndikupempha kuti Loweruka tilembe malamulo athu a gulu, mbali zonse ziwiri, wolekerera ziweto nthawi ya dzinja alipire, wotema chiweto alipirenso, tikawapereke kwa a gulupu asayine. A mlembi ikani nkhaniyi poyambirira pa ajenda, isakhalenso kumapeto anthu atayamba kubalalika.