Maliro opanda siwa

Mnzanga wokondedwa,

Pepa kuti ndangoti zii milungu itatu yonseyi. Mauthenga ako ndimawaona, koma ndikati ndiyankhe manja amalemera. Kuno kwagwa zovuta. Mayi aja ndinkakuuza, ondiphunzitsa kuphika buledi, atisiya.

Linali Lachiwiri. Tinayamba ntchito 5 koloko m'mawa monga mwa masiku onse, kunja kuli bii, paja mu December kuno ku Aberdeen, ku Scotland, dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa 3:30 isanakwane. Ankakanda ufa patebulo uku akundiseka kuti ine ndimakanda ngati ndikuvundula nsima ya pa ukwati. Kenaka anati akhale kaye pansi, atopa. Ndinapita kukatulutsa mathireyi mu uvuni, pobwera ndinawapeza atagwera chammbali, manja ali mbuu ndi ufa. Tinaimba 999. Wa pafoniyo ankatiwerengera ife tikukanikiza pachifuwa mosinthana mpaka ambulansi inafika. Anayesetsa ndithu. Akuti mtima unangoima.

Iwe, amene aja sanali abwana wamba. Sabata yanga yoyamba, nditazizidwa mpaka kulira, ndi iwo ananditenga kukandigulira chijasi m'sitolo ya kaunjika. Ndi iwonso anandiletsa khalidwe langa lowalanda ntchito anthu olumala amene timaphika nawo. Ndikaona wina akuchedwa kuumba buledi ndinkathamangira kumumalizira, poganiza kuti ndiko kuthandiza. Iwo ankangobwera mwakachetechete, n'kundigwira manja onse awiri, n'kuwalowetsa m'thumba la epuloni. Buledi ankatuluka wokhota, koma mwini wake akumwetulira tsiku lonse. Anali atandilonjeza kuti kukayamba kufunda tidzakwera sitima kupita ku Blantyre ya kuno, kufupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ati ndikaone kumene mzinda wathu unatenga dzina.

Koma chandisokoneza mutu kwambiri ndi zimene zinatsatira. Ku Scotland munthu akafa mwadzidzidzi nkhani imapita kwa mkulu wa zamalamulo wotchedwa Procurator Fiscal, ndipo ndi iye amene amalamula ngati thupi lipimidwe. Ndiye tinadikira milungu iwiri yathunthu. Masiku onsewo palibe siwa. Palibe masamba pamsewu, palibe abambo owotha moto panja, palibe kwaya yochezera. Usiku woyamba ndinamanga chitenje changa n'kunyamuka kuti ndikagone kunyumba kwawo. Mtsikana wa ku Germany amene timakhala naye anandigwira pakhomo, ati kuno ofedwa amafuna kukhala okha, tingolemba khadi. Khadi, mnzanga! Ndinalemba mizere itatu n'kukailowetsa pakabowo ka chitseko ngati bilu ya madzi.

Usandimve molakwa, sikuti anthu a kuno alibe chisoni. Mwana wawo wamkazi ndinamuona maso atatupa, mawu osatuluka. Kungoti amalirira mumtima, ndipo ine mlendo wa visa ya miyezi 12 ndinasowa pokhala. Si ine wachibale, ndiye ndilire ngati ndani? Kwathu pamaliro sakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Ukangofika amakupatsa mpeni ndi kabichi, kapena ndowa ukatunge madzi, ndipo chisoni chimachepa uli pantchito pakati pa anzako. Paja amati maliro n'kulirana. Kuno ndinkangozungulira m'chipinda.

Tsiku lake litafika tinapita kumalo owotchera mitembo, poti ambiri kuno ndi mmene amachitira. Mwambo wonse sunafike ola, banja lina linali likudikira kale panja. Panalibe adzukulu, panalibe dothi loti ndiponye. Katani anangotsekeka pang'onopang'ono, bokosi osaonekanso. Apo m'pamene bambo wina mwa amene timawasamalira, yemwe wakanda nawo ufa zaka zambiri, anaimirira n'kulira mokuwa, akuwaitana dzina. Anthu anayang'ana pansi. Ine ndinangomukumbatira, nanenso n'kuumasula, "Mayo ine, mayo!" m'Chichewa chenicheni. Sindinachite manyazi. Titapita kukamwa tiyi ndi masangweji, mwana wawo uja anabwera kudzandigwira dzanja nthawi yaitali, osanena kanthu.

Epuloni yawo ikadali pamsomali, palibe walimba mtima kuichotsa. Andisiyira chidebe cha ufa wosasa umene timafufumitsira buledi, womwe ankati ausunga zaka zoposa 20. Umafuna kuuthira ufa watsopano ndi madzi tsiku lililonse, ukaunyalanyaza umafooka. Poyamba ndinkachita mantha kuti ufera m'manja mwanga. Dzulo ndinaupeza utatupa mpaka kukankha chivundikiro.

Amayi usawauze zonsezi, angayambe kudandaula kuti ndibwerere. Ndimaliza miyezi yanga. Chimene ndikupempha n'chimodzi: Loweruka madzulo undiimbire pa WhatsApp, cha m'ma 9 koloko kwanuko, kuno ikhala 7. Ngati akupezeka, uitane atsikana awiri atatu a kukwaya kwathu kuja. Simukuyenera kundiuza mawu aliwonse. Mungoika foni pamphasa muziimba, ine ndiyala chitenje pansi ndikhale nanu. Za bandulo ndikutumizira.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Aberdeen