Kompyuta ija musamagawane ndi mnzako

Mwana wanga,

Amayi ako akupereka moni. Mwendo uja wayamba kupepuka, dzulo anafika okha kumsika.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa kwaya ya ku Kawale anandikokera pambali. Akuti anabwera ku situdiyo kwako, anaimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ya minibasi atasonkha okha, koma nyimbo zitatuluka zinali kuthetheka ngati chimanga pachiwaya. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Bambo, mukamuuze mwana." Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ndinafika kunyumba nsima osaimva kukoma.

Usandiuze kuti vuto ndi maikolofoni. Vuto ndi mnzako uja wa ku Mchesi. Ndamva kuti ali ndi kiyi wake, amagona momwemo, usiku akuonera mafilimu ndi kusewera magemu pa kompyuta yomweyo imene umadyerapo. Ndamvanso kuti ndiye amakubweretsera ma plugin obedwa, timapulogalamu tokonzera mawu tija, pa flash. Zinthu zimenezo nthawi zambiri zimabwera ndi mavairasi, ndipo zimagwira ntchito yake mobisa iwe ukujambula.

Tamvera ndikuuze chimene chimathetheka. Ukaika buffer, kukula kwa kachidutswa ka mawu kamene kompyuta imakonza pa nthawi imodzi, pa 128, nyimbo ili pa 48 kHz, kompyuta imakhala ndi nthawi yosakwana mamilisekondi 3 kuti ikonze kachidutswa kalikonse ka mawu. Pakangobwera china chake n'kuilanda kanthawi kameneko, kaya Wi-Fi, kaya antivirus ikufufuza, kaya Windows ikudzikokera ma update, pamatsala mpata. Mpata umenewo ndiye "tha" amene mayi aja anamva. Mpatawo ukalowa pojambula, walowa basi. Sungauze anthu oti ataya tsiku la geni kuti abwerenso mawa.

Ukukumbukira uli wamng'ono, ine ndikupukuta mutu wa kaseti ndi thonje ndi sipiriti? Unkafuna kugwira, ndinkakumenya kadzanja. Unkalira n'kukandinenera kwa amayi ako. Tsiku lina unathira Sobo pa mikisa, ndinakhala sabata osakulankhula bwino, ndipo mpaka lero ndimadandaula nazo. Koma unali ndi khutu kuyambira kale, mwana wanga. Unkamva waya wong'ung'udza ine ndisanamve. Ndiye zikutheka bwanji lero kupereka ntchito yothetheka osaimva?

Sunga ntchito za anthu pa hard drive ina, ufufute zonse, uike Windows mwatsopano. Ubwezeremo pulogalamu yako yojambulira ndi zimene unagula kapena zaulere zovomerezeka, basi. Pa Power Options usankhe High performance kuti processor isamawodzere, ndipo USB selective suspend uizimitse, chifukwa imeneyo imagoneka khomo limene Focusrite yako, bokosi lolowetsera mawu m'kompyuta lija, yalumikizidwa. Focusrite-yo uilumikize mwachindunji, osati pa hub yogawira makomo a USB. Driver, kapulogalamu koyendetsa Focusrite-yo, ikhale ya mtundu wa ASIO yochokera kwa amene anapanga Focusrite, osati ASIO4ALL imene mnzakoyo amaika paliponse. Timabelu ta Windows utiike pa No Sounds, tingadzalire pakati pa pemphero. Ngati nyimbo ili pa 48 kHz, Windows nayonso ikhale pa 48, osati 44.1.

Oimba akalowa, Wi-Fi ndi Bluetooth uzimitse, Chrome utseke. WhatsApp idikire. Pojambula buffer ikhale 128 kapena 256 kuti woimba asamadzimve mochedwa m'mahedifoni. Posakaniza ukweze mpaka 1024, palibe amene akuthamanga. Pali kapulogalamu kotchedwa LatencyMon. Ukasiye kayende kwa mphindi 15, kadzakuuza driver imene ikuba nthawi.

Koma zonsezi n'zachabe ngati kiyi akadali m'thumba mwa mnyamata uja. Ukonza lero, iye mawa alowetsa flash yake, mwabwerera pomwe munali. Sindikuti ndi mfiti. Ndinkamupatsa ndekha mbatata akabwera kuno muli ku sekondale. Koma iye sanasainire ngongole. Kompyuta ija inachokera ku banki m'khonde, dzina lolembedwa m'kaundula ndi la amayi ako, ndipo mwezi uliwonse amakakhala pamphasa pamaso pa anzawo n'kuwerenga ndalama. Kodi mnzakoyo amadziwa zimenezi? Iweyo unamuuzapo?

Uike pasiwedi yoti uidziwe wekha. Akafuna mafilimu akaonere kwawo. Ukachita manyazi kumuuza, unene kuti bambo anga akana, ine ndisenza.

Za UPS, batire yosungira magetsi a kompyuta ija, tinakambirana kale, usaiwale. Magetsi akazima uli pakati pojambula, fayilo imatha kuwonongeka.

Kwaya ija uiitanenso, ujambule ulere, ya minibasi ndithandizako theka. Loweruka ndikubwera cha m'ma 9 koloko, ndikatsikira ku depoti. Ndikufuna ndidzapeze makiyi onse awiri patebulo, tidzayendetse LatencyMon limodzi. Amayi ako akuti akupatsira ufa ndi nyemba, ukonzeretu chotengera.

Ndine bambo ako.