Zikomo a ofesi ya ziweto, Mkango wabayidwa popanda ndewu

Kwa akuluakulu a ofesi yoona za ziweto, Harare.

Olemekezeka,

Ndine gogo wa ku Mufakose, mmodzi wa ife amene makolo athu adachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno. Ndikulemba chifukwa cha galu wanga Mkango, yemwe kuopsa kwake ndi dzina lokha, amene ndidabwera naye kwanuko kudzabayitsa katemera wa chiwewe.

Tsiku lija ndidanyamuka kunyumba nditakwiyiratu. Musandidabwe. Chaka chatha kwina kwake, sinditchulako, ndidakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, kenaka akuti katemera watha, mubwere Lachiwiri. Lachiwirilo akuti wosunga kiyi wa firiji watuluka. Ulendo wachitatu mnyamata wake adabaya agalu atatu ndi singano imodzi ine ndikupenya, botolo la katemera lili padzuwa ngati akuyanika mfutso. Nditafunsa, adandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ndidangotembenuka ndi galu wanga. Kumbukirani kuti makombi, maminibasi athu a kuno, salola galu, maulendo onsewo adali apansi, ndi mawondo angawa.

Kwanuko ndidapeza mayi wina wovala magalasi. Atamva kalankhulidwe kanga adati "Muli bwanji, agogo?" m'Chichewa chotsimphina, nkundipatsa mpando wawo womwe. Mkango n'kuti akunjenjemera, mchira uli pakati pa miyendo. Mayiwo sadamukoke chingwe ayi. Adanjuta, kumulola awanunkhize dzanja, akumuyankhula Chishona pang'onopang'ono ngati khanda. Kenaka adandionetsa kagwiridwe ka mutu kuti pakamwa paloze kumbali. Singano adaitulutsa m'pepala lake yatsopano, katemera kuchokera m'bokosi lozizira, nkutsina chikopa kumbuyo kwa khosi. Basi. Mkango sadalire n'komwe. Singanoyo adaiponya m'kabokosi kotsekeka, osati pansi pomwe ana amaponda opanda nsapato. A kwina kuja akadabwera kudzaonera.

Nditanena kuti kunyumba kuli kamwana kagalu, adati ndibwere nako kakakwanitsa miyezi 3, ndipo mphaka ndisamusiye poti naye amagwidwa chiwewe. Adawonjeza kuti mdzukulu akalumidwa kapena kukandidwa, nditsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndiye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro zikangoyamba palibenso chochita. Izi sadafunike kundinyengerera. Ndili mwana kufamu ndidaona bambo wina akuthawa kapu ya madzi ludzu lili pakhosi, ndipo sabata sidathe. Kumeneko nkhandwe zinkalumana ndi agalu usiku.

Za mapepala musandifunse, ndidangosaina penapake. Khadi lili m'Baibulo. Tsiku lobwereranso mayiwo adalilemba ndi zilembo zikuluzikulu ataona ndikutsinzinira, ndipo mpaka ndidatuluka pageti palibe adanena za "kangachepe ka drinki".

Dzina lawo ndidaiwala kufunsa. Chonde afufuzeni, muwauze kuti agogo a Mkango akubwera ndi mbatata.

Ine wanu,
Gogo wa ku Mufakose