Ndinaulula chinsinsi cha mnzanga m'dzina la pemphero

Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ndimatsogolera gulu la amayi la mapemphero pampingo wathu. Ndikulemba chifukwa pakamwa panga pandilowetsa m'mavuto, ndipo sindikudziwa poyambira kukonza zimene ndinawononga.

Miyezi itatu yapitayo, mnzanga amene ndakula naye anabwera kwathu madzulo maso ali psuu, n'kundiuza kuti amuna ake achotsedwa ntchito powaganizira kuti anasowetsa ndalama, komanso kuti ana awo sanauzidwe. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti nkhaniyo ithere pakati pa ife awiri. Koma pamsonkhano wathu wotsatira, iye kulibe, ndinaitchula ngati mutu wa pemphero. Dzina sindinatchule, komabe ndinalongosola zambiri moti aliyense anazindikira amene ndinkanena. Nthawiyo ndinkadziuza kuti ndikumuthandiza, koma ndikadzifunsa moona mtima, ndinkafunanso kuoneka ngati munthu amene ena amamusungitsa zakukhosi kwawo. Pasanathe sabata, mwana wake wamkazi anaimva nkhaniyo kwa anzake kusukulu itasinthidwa kale, akuti bambo ake ndi mbava ndipo akupita kundende.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti malemba onena za lilime ndimawadziwa, ndipo ndakhala ndikuwaphunzitsa kwa amayi omwewo. Pa Yakobo 3, lilime likuyerekezedwa ndi tsigiro laling'ono limene limawongolera ngalawa yaikulu, komanso ndi kamoto kamene kamayatsa nkhalango yonse, ndipo kamoto kameneko ndakaona ndi maso anga kakuyaka m'nyumba ya mnzanga. Miyambo 11:13 imasiyanitsa munthu wamiseche, amene amawanditsa zinsinsi, ndi wokhulupirika amene amasunga nkhani, ndipo ine sindinaganizepo kuti ndingakhale kumbali yoyambayo, popeza miseche ndinkaiona ngati tchimo la anthu onong'onezana kuseri, osati la munthu amene watsinzina n'kumapemphera.

Mnzangayo anasiya kubwera ku gulu. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu n'kudutsa, ndipo kukhala chete kwakeko kumandilasa kuposa mmene mawu aukali akanandilasira.

Apa ndi pamene ndasokonezeka. Pa Mateyu 5:23-24, Ambuye Yesu akuti ukakumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatso yako paguwa, uyambe wakayanjana naye. Koma Miyambo 26:20 imati popanda nkhuni moto umazima, ndipo ndikuopa kuti ndikaitukula nkhaniyi ndiwonjezera nkhuni pamoto umene mwina wayamba kuzirala. Amuna anga akuti ndingozisiya, nthawi idzapoletsa, koma mtima wanga sukuvomera, pakuti ndi zovuta kuima pamaso pa amayi n'kutsegula Baibulo pamene Yakobo 1:26 akunena kuti kupembedza kwa munthu wosamanga lilime lake n'kopanda pake.

Chonde ndithandizeni. Kodi ndipite kwa iye ndekha, kapena nditenge mkulu wa mpingo, podziwa kuti kutero n'kuuzanso munthu wina nkhani yomwe ndinalonjeza kusunga? Nanga poti ndinalakwa pamaso pa gulu, kodi ndiyenera kupepesanso pamaso pa gululo, kapena kumeneko kungakhale kumuchititsa manyazi kachiwiri? Ndiponso, kodi ndi bwino ndipitirize kutsogolera mapemphero ndisanamve kuchokera pakamwa pake kuti wandikhululukira?

Ine,
Mayi wosweka mtima