Asiyeni ana ajambule zomwe zikuwawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mipikisano ya mapositala imene masukulu amachititsa pa nkhani za ufulu, nkhanza ndi tsankho. Cholinga chake n'chabwino, koma ife akuluakulu taisandutsa ntchito yokopera. Mphunzitsi amalemba mawu pa bolodi, ana onse n'kukopera, kenaka n'kujambula nkhunda ndi manja ogwirana. Ukaona positala imodzi, waona zonse.

Mapositala amene anthu amawakumbukira mpaka lero sanapangidwe motero. Mu May 1968, ophunzira a ku Paris analanda sukulu yawo ya zaluso, École des Beaux-Arts, n'kuisandutsa malo osindikizira omwe anawatcha Atelier Populaire. Chithunzi chilichonse ankayamba achikambirana pamsonkhano asanachisindikize, ndipo wojambula sankalembapo dzina lake. Zambiri zinali za utoto wamtundu umodzi ndi mawu ochepa, kuti munthu wongodutsa pamsewu amve uthenga osaima n'komwe. Ku Soweto nako, m'dziko la South Africa, pa 16 June 1976, ana asukulu analemba okha pa makatoni wamba kukana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans, apolisi n'kuwawombera. Tsiku la Mwana wa mu Africa, limene bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la OAU linakhazikitsa mu 1991, linachokera pamenepo. Chaka ndi chaka timawatamanda anawo, komabe athu tikuwasankhira mawu.

Ine ndimaphunzitsa zojambula, choncho izi sindikuchita kumva. Mtsikana wina m'kalasi mwanga anajambula ndi makala desiki yopanda munthu, pamwamba pali kope lotsegula ndi cholembera. M'munsi analemba mawu awiri okha: "Ali kuti?" Palibe amene anafunsa tanthauzo, chifukwa onse ankamudziwa mnzawo amene anasiya sukulu atapatsidwa mimba ndi bambo wamkulu. Anyamata aphokoso aja anaima pamenepo chete, mikono atapinda. Oweruza anaichotsa pakhoma, ati ikuchititsa manyazi sukulu. Mphoto inapita kwa nkhunda.

Sindikunena kuti mwana aloledwe kutukwana kapena kutchula munthu dzina pa positala, ayi. Pamenepo mphunzitsi alowererepo ndithu. Amuphunzitsenso luso lenilenilo: zilembo zazikulu zowerengeka patali, chithunzi chimodzi osati khumi, ndi kusiya mpata wopanda kanthu kuti diso lipume. Koma nkhaniyo asankhe yekha mwiniwake.

Kwa aphunzitsi akulu ndi mabungwe amene amapereka ndalama za mipikisanoyi, ndikupempha kuti pakati pa oweruza pazikhala ophunzira. Ndipo positala ikaulula nkhanza, isachotsedwe mwakachetechete. Aitaneni amene amaona za chitetezo cha ana, akhale pansi ndi mwanayo, amufunse zimene akudziwa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zojambula