Ndege zothira mafuta mumlengalenga zikumwa mafuta ambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za ndege zankhondo zija zimathira anzake mafuta zili mumlengalenga. Zikuwononga mafuta kwambiri ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa ndege yonyamula mafuta nayonso imamwa mafuta omwewo, ikalemera kwambiri injini zimalimbikanso kwambiri, ndiye mukaidzadza mafuta oposa ofunika kenako ndege zomwe imadikira osabwera, imangozungulira mlengalenga kuwotcha ndalama basi.

Taonani ndege yothira mafuta ya KC-135 ya ku America, inayamba ntchito mu 1957 ndipo mpaka pano ikuwulukabe. Ataisintha mainjini m'zaka za m'ma 1980 n'kuika a CFM56 inayamba kumwa mafuta ochepa ndi pafupifupi 25 peresenti. Chomwe chimandidandaulitsa n'choti a NASA, bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, anayesa timapiko topindika kunsonga kwa mapiko a KC-135 mu 1979, zinaoneka kuti timapulumutsa mafuta, koma asilikali sanatiike, pomwe ndege zonyamula anthu zambiri lero zili nato.

Vuto lalikulu ine ndimaliona pa kakonzedwe ka maulendo. Ku bwalo la ndege zankhondo la Al Udeid ku Qatar, mu 2016 akuluakulu a asilikali a ku America ankakonzabe ndege iti ikumane ndi iti, nthawi yanji, polemba pa bolodi ndi maka, ntchito ya maola ambiri. Atabweretsa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Jigsaw, anayamba kutumiza ndege zothira mafuta zochepa pa ntchito yomweyo.

Mayiko amene akugula ndege zothira mafuta za KC-46 kapena Airbus A330 MRTT ayambe akonza mapulani awo, atsuke mainjini pafupipafupi, achotsenso katundu wosafunika mundegemo.

Wowerenga wanu wokhulupirika