Kwa mwana wanga amene akupita kukaphunzira uzamba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Ntcheu tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Uthenga wako woti akutenga ku Nkhoma kukaphunzira unamwino ndi uzamba unandipeza, ndipo ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu. Pafoni mayunitsi sachedwa kutha, pamene nkhaniyi ndi yofunika kuikamba mofatsa, n'chifukwa chake ndakulembera.

Amalume ako anabwera Lamlungu ataweruka kutchalitchi. Mawu awo ndi omwe aja anakuuza, akuti mwamuna salowa m'chikuta. Ndinawamvetsera mwaulemu poti ndi eni mbumba, koma ndinawauza kuti pa nkhani iyi ine ndili mbali yako. Ukabwera upite ukawaone, ndipo usakakangane nawo. Iwo anakula nthawi imene mayi ankachirira kunyumba, m'manja mwa agogo, abambo atawathamangitsira kutali. Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amayi mu 2007, ndipo kwathu kuno Inkosi Kwataine anaigwira nkhaniyi mpaka dziko lonse linawadziwa. Anaika amayi achinsinsi oti azitsatira woyembekezera aliyense kuti ayambe sikelo msanga ndi kukachirira kuchipatala. Ngati mfumu ya Chingoni inaima pabwalo n'kumakamba za uchembere, iwe uchite manyazi ndi chiyani?

Kumsonkhano wa komiti ya zaumoyo alangizi anatiwerengera zimene kafukufuku wa boma anapeza. Mu 2004, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Mu 2010 anatsika kufika 675, ndipo pofika 2016 anali 439. Atsika ndithu, koma aliyense mwa amenewa wasiya khanda lolira ndi ana ena pakhomo. Ife kumudzi timawakakamiza amayi kupita kuchidikiro mwezi wawo ukakwana. Akafika kumeneko ayenera kupeza munthu wodziwa ntchito, ndiponso woti sangamuope.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna undimvetse bwino. Ine ndakhala gadiyani wa amayi ambiri, ndanyamula beseni, zitenje, lumo, ulusi ndi pepala lapulasitiki, ndagona pansi m'makhonde a zipatala. Usiku wina ndinaperekeza mtsikana wa mimba yoyamba. Magetsi anali atazima, mzamba anali yekha, ine ndi amene ndinamugwirira tochi. Mwana anabadwa bwinobwino, koma nsengwa itatuluka magazi sanaleke. Chitenje choyamba chinanyowa, chachiwiri chimodzimodzi. Mzamba uja sanakuwe kapena kuthamangathamanga. Anayamba kusisita mimba mwamphamvu kuti chiberekero chilimbe, anamubaya jakisoni woletsa magazi, anamuika diripi, uku akundiuza kuti ndiziyankhula naye mtsikanayo asagone. Anaimbira ambulansi foni ataipana paphewa, manja ali pantchito. Nthawi yonseyi ankangoti, "Mayi, ndili pompano, limbani mtima." Mtsikanayo ali moyo, mwana wake ali kusukulu. Zimene anachita mzambayo sanaziganize usiku womwewo. Anaziphunzira m'kalasi n'kuzibwereza mpaka manja anazolowera. Choncho akamakuphunzitsani kuyeza BP, kumvetsera mtima wa mwana m'mimba ndi kulemba pepala lotsatira mmene matenda akuyendera, usamaone ngati n'zongokhozera mayeso. Pamene sunamvetse funsa, safunsa anadya phula.

Koma ndaonanso zina. Ndinamva ndi makutu angawa namwino akuuza mayi amene anali pa ululu kuti, "Mukulira chiyani, pochita zimenezi ine ndinalipo?" Mayi ameneyo sanayankhe. Mimba yotsatira anabisa tsiku lake, anamwa mwanamphepo kuti matenda afulumire, n'kuchirira kunyumba, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mawu amodzi oipa amabweza amayi a mudzi wonse, chifukwa kumjigo ndi kuchigayo amauzana. Ndikudziwa kuti anamwino amatopa, wodi yodzaza anthu iwo ali awiri, ena agwira usiku wonse osatsinzina. Kutopako kudzakupezanso iwe. Ukadzaona kuti mtima watentha, tuluka panja kamphindi, umwe madzi, ubwerere. Usadzatulutsire mkwiyo pa munthu amene wagona pabedi wosavala.

Iwe poti ndiwe mwamuna, ulemu wako uyenera kuposa wa anzako aakazi. Mayi wa kumudzi akakuona atha kumangitsa chitenje n'kuyang'ana kukhoma. Usamuseke. Mupatse moni, umuuze kuti ndiwe ndani ndi chimene ukufuna kuchita, udikire avomere. Mufunditse pamene sipakufunika kuoneka, tseka katani, ndipo pomuyeza pazikhala gadiyani kapena namwino mnzako wamkazi ngati alipo. Ngakhale ali wamng'ono kwa iwe, umutchule kuti mayi. Ndamva amayi ambiri akuyamikira azamba aamuna kuti ndi oleza mtima, ndipo ndikufuna adzakuyamikire chimodzimodzi.

Chinanso ndi pakamwa. Kuyambira mu 2011 mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti ateteze mwana, ndiye udzadziwa zinthu za anthu zimene ngakhale amuna awo sanazimve. Zimenezo zizithera kuchipatala komweko. Usadzazikambe pabawo, kwa mkazi wako, ngakhale kwa ine. Mankhwala a boma nawonso usadzatengeko ngakhale panado. Achibale adzabwera kudzapempha, ena adzakunena kuti wayamba kunyada. Uwauze akaime pamzere ndi buku lawo ngati wina aliyense. Wodwala akafuna kukupatira kangachepe kuti umuthandize msanga, ukane.

Unandiuza kuti mtima wako unali pa digiri ya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), ndipo ukuganiza zodikira chaka china. Ine ndikuti usadikire. Dipuloma ya ku Nkhoma ndi ya zaka zitatu, ndipo chipatala cha mishoni chili pomwepo, udzagwira odwala ndi manja ako. Ukamaliza pali mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, amene popanda iwo sungaloledwe kugwira ntchito, ndiye uwaike pamtima kuyambira tsiku loyamba. Ukagwirako ntchito, khomo lopitiriza maphunziro silitsekedwa. Ntchito ya boma nthawi zina imachedwa kutuluka, tawaona ana a anzathu atakhala pakhomo ndi mapepala awo. Zikadzatero usadzangokhala, ukafunse ganyu m'zipatala za mishoni kapena zoyima pazokha kuti manja asaiwale. Ndipo akadzakutumiza kutali ndi tauni, kaya ku Tsangano kaya ku Kasinje, usadzakane. Kumeneko mzamba mmodzi amathandiza midzi yambirimbiri, ndipo kumalire kuno ngakhale a ku Mozambique amadalira zipatala zathu.

Za fizi usade nkhawa kwambiri. Bambo ako akumba kachewere sabata yamawa, tikagulitsa ku Lizulu, ndipo mbuzi ziwiri zija tazipatula kale. Unditumizire pepala la zofunika kusukulu kuti tidziwe zogula, makamaka yunifolomu ndi nsapato. Bulangete ndakusungira lokhuthala, chifukwa ku Nkhoma kumazizira ngati kuno. Bambo ako akuti adzakuperekeza mpaka pa Kamphata.

Alongo ako akupereka moni. Ubwere mwezi usanathe kuti tidzapemphere limodzi usananyamuke.

Ndine mayi ako.